Epuloni ya Pageti

Anthu akamva kuti mkazi wakwatiwa ndi mzungu, maganizo awo amathamangira ku galimoto ndi nyumba ya mpanda. Palibe amene amaganiza za mzungu wa njinga yakapalasa, wa zikhadabo zodzaza girizi, woyenda khomo ndi khomo kufunsa ngati pali firiji yofuna kukonza. Koma ndi ameneyo amene Nasimbi anamupeza, ndipo anamukonda zenizeni, asakunamizeni munthu. Dzina lakuti Nasimbi anamupatsa ndi anzake a kushopu yochapa ndi kusita zovala, poti simbi sinkachoka m'dzanja lake. Mwamunayo anthu ankangomutcha Wamafiriji. Chifuwa chinamutenga Wamafiriji, mwana wawo asanayambe n'komwe sukulu, ndipo chuma chonse chimene anasiya ndi bokosi la masipanala, njinga yopanda mabuleki, ndi kamtsikana koyera ka tsitsi loterera, loti ukaliluka m'mawa pofika masana lamasuka lokha. Bambo ake ankakatcha Kabawuti, chifukwa kankangosowa pansi pa zinthu, ndipo dzinalo linakanirira.

Umphawi ndi woipa paliponse, koma umphawi wobereka mwana woyera kumsana ndi woipa kawiri. Nasimbi akapita kumsika ndi Kabawuti, mtengo wa tomato unkakwera iye asanatsegule n'komwe pakamwa, mpaka anazolowera kumusiya kaye mwanayo kuseri kwa golosale, iye n'kukagula yekha. Abale ake ankabwera ndi mavuto awo, ndipo akawauza kuti alibe, ankachoka akung'ung'udza kuti ndalama za mzungu akudya yekha. Pamdadada pomwe ankachita lendi kachipinda kamodzi, anthu ankamuitana kuti Amake Kamzungu, ndipo akapempha kamchere ankamupatsa ndithu, koma ndi kanthabwala pamwamba: nanga azungunso mchere umawathera? Iye ankaseka nawo. Akalowa m'nyumba n'kutseka chitseko ndi pamene mtima unkamuwawa.

Komabe zonsezo sizinkamusowetsa tulo. Chimene ankaopa ndi a mlamu ake, mlongo wamkulu wa Wamafiriji. Amenewo ndiye anali mzungu wa m'maganizo a anthu uja: ntchito ya mu ofesi, galimoto, nyumba ya mpanda, koma mwana analibe. Paukwati sanabwere. Anabwera maliro atatha, n'kuima pakhomo pa kachipindako osakhala pansi, maso akuyenda kuchokera pabedi kupita pambaula, kuchokera pambaula kupita pabeseni lolandira madzi a denga lodontha. Anati mwanayo atha kukakulira kwawo. Nasimbi anakana, mwaulemu koma kwamtuwagalu. A mlamuwo sanakwiye. Anati sukulu azilipira iwo, sukulu yabwino, ndipo potuluka anasiya mawu amene Nasimbi anagona nawo n'kudzuka nawo masiku onse otsatira.

"Sindikulandani mwana, mlamu. Koma tsiku limene ndidzamve kuti mwana wa mchimwene wanga akuvutika, sindidzapemphanso."

Nthawi ya sukulu itakwana, a mlamu anapita okha kukamulembetsa mwanayo, akuti zinthu ziyende msanga. M'mawa ankamutengera pamsewu waukulu popita kuntchito kwawo. Kukamutenga poweruka inali ntchito ya Nasimbi, ndipo anachita kugwada kwa abwana a shopu kuti aziyamba kusita kusanache, athane ndi mashiti a kuhotela ndi makolala a anthu a m'maofesi, kuti masana azimasuka.

Tsiku loyamba anavala diresi lake la kutchalitchi, atalisita mpaka m'mipendero. Pageti la sukulu panali mlonda wa chibonga m'khwapa. Nasimbi anamupatsa moni, n'kunena kuti wabwera kudzatenga mwana wake, uyo waima apoyo. Mlondayo anayang'ana Kabawuti, anayang'ana Nasimbi, n'kuyang'ananso Kabawuti. Anati za kuba ana zachuluka masiku ano, iye sangapereke mwana wa mzungu kwa munthu wongotulukira kumsewu. Kabawuti ankaitana amayi ake ali m'kati mwa mpanda, koma mlondayo anati ana aang'ono amaitana mzimayi aliyense kuti amayi. Bwalo la sukulu linatha anthu. Potsiriza a mu ofesi anaimbira a mlamu, amene anachita kusiya ntchito, n'kufika tsinya lili pamphumi. Sanafotokozere munthu aliyense kanthu. Anangomulowetsa mwanayo m'galimoto, n'kumukodola Nasimbi kuti akwere kumbuyo, ndipo ali m'njira anati ngati izi zizichitika tsiku ndi tsiku, kuli bwino mwanayo azingogona kwawo.

Nasimbi anayamba kufunafuna njira. Kumufotokozera mlonda mmodzi sikukanathandiza, poti alonda a pagetipo ankasinthana, lero uyu mawa wina. Koma ali chiimire padzuwa paja anali ataona chinthu china. Azimayi akuda ngati iye yemwe ankalowa pageti n'kutuluka ndi ana oyera, ana a amwenye, ana a mabwana, popanda wowafunsa ngakhale dzina. Kusiyana kwake kunali kumodzi kokha: iwo anali atavala maepuloni a ma anti, antchito olera ana.

Kushopu kunali katoni ya zovala zimene eni ake anaziiwala kalekale. M'menemo anapeza epuloni yabuluu ya m'mphepete moyera, yong'ambika pathumba. Anaisoka, anaisita, mawa lake n'kuivalira kuseri kwa mpanda wa sukulu. Mlonda wa tsikulo sanamuyang'ane n'komwe kumaso. Anangoti lowani anti, fulumirani, ana akudikira. Mwaiona nkhaniyo? Mayi wobereka ali m'diresi lake la kutchalitchi ndi wakuba, koma akavala chinsalu cha m'katoni ya zoiwalika geti likutseguka lokha.

Kwa Kabawuti anazisandutsa masewera. Anamuuza kuti alonda aja ndi ogona, ndiye tiziwapusitsa: m'kati mwa sukulu ine ndine anti, usadzandiitane amayi ngakhale kamodzi, akakufunsa aliyense uziti ndi anti. Ukalakwitsa, azakhali ako adzakutenga. Mwanayo anatong'ola maso, n'kulonjeza kuti sadzalakwitsa.

Ukatuluka pagetipo n'kukhotera kumanja, umayenda m'mbali mwa mpanda mpaka pakona pomwe pali pholo la magetsi ndi kabenchi ka wosoka nsapato. Kuchokera pageti kufika pamenepo Nasimbi anali anti, ankayenda pambuyo, chikwama cha mabuku chili paphewa. Akangokhota ankamasula epuloni, kuipinda, kuiponya m'jumbo, ndipo Kabawuti ankatembenuka ngati wadzidzimuka, n'kunena kuti, "Amayi abwera!" uku akumudumphira m'khosi. Tsiku ndi tsiku zomwezo, osatopa nazo. Wosoka nsapato poyamba ankangoti kukamwa yasa, kenako anazolowera, ankangopukusa mutu kwinaku akukoka ulusi wake.

Kunyumba moyo unali wa awiri. Yunifolomu inali imodzi, ndiye Nasimbi ankaichapa madzulo n'kuiumitsa ndi simbi, ndipo pasukulu yonseyo panalibe mwana wa kolala yoongoka ngati Kabawuti. Tsiku lina akumuluka tsitsi losamva lija, mwanayo anafunsa kuti kodi iye ndi chiyani, poti pamdadada akuti ndi mzungu, kusukulu ena akuti ndi mkaladi. Nasimbi anaika mkono wake pambali pa wa mwanayo, wakuda wa zipsera za simbi ndi woyera wa tiubweya tofiira, n'kunena kuti asavutike nazo, iye ndi wa amayi ake basi. Kabawuti anakhutira nalo yankholo, n'kupempha buledi.

Zikanathera pomwepo bwenzi nkhani ino kulibe. Koma m'kati mwa geti munali benchi pansi pa mtengo, pomwe ma anti ankadikira belu, ndipo pabenchi yotere munthu sakhala duu. Mwini bwalo anali mayi wina wonenepa wa mawu ngati wailesi, amene anzake ankamutcha Anti a Mapasa poti ankalera mapasa a dokotala wina. Nkhani ya pabenchi inali imodzi: adona. Uyu adona ake amawerenga mazira, uyo adona ake amamuyankhula ngati galu, winayo adona ake amabisa sopo. Sipanatenge nthawi, anamutembenukira Nasimbi. Nanga adona ako bwanji sitimawaona? Ndipo bwanji mwana wa mzungu akuvala nsapato zosokedwa kuchidendene, m'kabokosi ka chakudya muli buledi wopanda chopaka? Maso a wantchito salakwa nsapato.

Akanati chiyani? Kuti nsapatozo ndi pamene dzanja langa lafika? Pakamwa panangotuluka kuti adonawo ndi oumira. Benchi yonse inati eya, tinadziwa, tiuze. Ndipo Nasimbi anawauza. Lero anati shuga amakiyira m'kabati. Mawa anati amadzuka dzuwa lili pamutu. Mkuja anati amamwa, mabotolo kuseri kwa chitseko, ndipo amatha kuchoka osasiya chakudya cha mwana. Kalasi imene mwana wawo ali saidziwa, homuweki sanaionepo. Bodza lili ngati khanda, ukalibereka uyenera kuliyamwitsa tsiku lililonse, ndipo la Nasimbi linanenepa msanga.

Choipa kwambiri n'chakuti zinkamukomera. Chimwalirireni Wamafiriji panalibe malo amene anasekapo chikhakhali ngati pabenchi paja. Pamenepo palibe ankamutcha Amake Kamzungu, palibe ankamuganizira ndalama zobisa, anali mnzawo wovutika ngati iwo. Ankagawana mtedza. Anti a Mapasa ankabweretsa masokosi amene mapasa awo awasiya, n'kumupatsa Nasimbi uku akutukwana mayi wopanda chisoni ameneyo, ndipo Nasimbi ankalandira ndi manja awiri. Masiku ena pobwerera kunyumba ankapezeka kuti nayenso wawapsera mtima adona aja, mpaka kuiwala kuti anawaumba yekha.

Kumisonkhano ya makolo kunkapita a mlamu. Nasimbi akanapita bwanji, sukulu yonse ikumudziwa kuti ndi anti? Zaka ziwiri zinatha choncho. Chimene iye sankadziwa n'chakuti mawu a pabenchi ali ndi miyendo. Ankachoka pamenepo kulowa m'makhitchini, kuchoka m'makhitchini kupita pamatebulo a mabwana, mpaka anakafika m'makutu mwa aphunzitsi ndi ahedi.

Tsoka silinunkha. Masana ena Nasimbi atangolowa pageti, Anti a Mapasa anamuchingamira akupumira m'mwamba, n'kumuuza kuti kamzungu kako kagwa pakatungwe, mkono wathyoka. Nasimbi sanamve n'komwe mapeto a mawuwo. Anathamangira kukachipinda ka pafupi ndi ofesi, komwe ankagonekako ana odwala. Kabawuti anali pakabedi, mkono atawukulunga ndi thawulo, milomo ikunjenjemera, nkhope itatuwiratu. Pakhomo panaima ahedi, mayi wamtali wa magalasi, wakuda ngati Nasimbi yemwe. Anatambasula dzanja n'kumuimitsa. Anati azakhali a mwanayo awaimbira kale ali m'njira, mwana ayenera kupita kuchipatala ndi wachibale, ndiye anti adikire panja.

"Ndine mayi ake," anatero Nasimbi.

Ahedi anamuyang'anira pamwamba pa magalasi. Kumbuyo kwake ma anti anali atasonkhana kale, ndipo mmodzi anaseka pang'ono. Anti a Mapasa anamukoka chingwe cha epuloni, n'kumunong'oneza kuti asaseweretse ntchito, tonse timawakonda ana amene timalera koma zinthu zili ndi polekezera. Nasimbi anabwereza, analumbira, anati mwanayo anamunyamula m'mimba muno, ali ndi kachibadwa kakuda pansi pa phewa lakumanzere. Wina anayankha kuti wosambitsa mwana aliyense angadziwe zimenezo. Ahedi sanali munthu wankhanza, ndipo anaona kuti mayiyu akulira zenizeni. Anati nkhaniyi ndi yosavuta, timufunse mwini wake. Anawerama pambali pa bedi.

"Mwanawe, awa ndi ndani?"

Kabawuti anayang'ana amayi ake kumaso. Anayang'ana epuloni. Anayang'ana makoma a sukulu, ahedi, ndi anthu odzaza pakhomo. Ululu unali utamugwira, misozi ikuyenderera m'makutu, koma anali mwana womvera, ndipo anali atalonjeza.

"Ndi anti," anatero. Kenako anawayang'ananso amayi ake monga ankachitira akakhoza masamu, kudikira kuti amuyamikire.

Nasimbi anagwira mfundo ya epuloni kumbuyo, mfundoyo inakana, anakoka mpaka chingwe chinaduka. Anaiponya pansi.

"Ndavula, taona, ndavula. Auze bwinobwino, mwanangu."

Mwanayo anachita mantha. Anayang'ana epuloni ili pansi, n'kuyankhula motsitsa mawu, ngati akuwakumbutsa amayi ake kuti akulakwitsa masewera.

"Koma sitinafike pakona."

M'chipinda monsemo palibe anamva tanthauzo lake kupatula Nasimbi. Mlonda anamugwira pamkono n'kumutulutsa, mosakankha, monga amachitira ndi munthu amene mutu wamusokonekera.

A mlamu atafika ahedi anawafunsa pomwepo pakhonde, ndipo iwo sananame. Anati inde, awa ndi mayi ake a mwanayu. Kunena zoona, zikanakhala bwino akanamukana, chifukwa tsopano nkhope zonse zinasintha. Ahedi anavula magalasi. Anati ndiye amenewa ndi mayi aja takhala tikumva mbiri yawo? Anati akhala akufuna kuwaitana azakhali kuti akambirane, poti zimene zikumveka za kunyumba kwa mwanayu n'zosakhala bwino: mayi womwa mowa, wokiyira chakudya, wosapondako kusukulu chiyambireni mwana wake. Zonsezi ankazinena a mlamu ali chiimire, makiyi a galimoto ali m'manja.

Nasimbi anayesa kufotokoza. Anati zonse zija zinali zabodza, adona kulibe, mowa sanaulawepo chibadwire. Ahedi anamufunsa kuti nanga anazinena ndani. Anati ndi iye. Ankanena za yani? Za mayi a mwanayo. Nanga mayi a mwanayo ndi ndani? Ahedi anafunsanso ngati nsapato zosokedwa zija nazonso zinali zabodza, ndi buledi wouma uja, ndi tsiku lija mwanayo anagona m'kalasi n'kunena kuti dzulo lake sanadye. Zimenezo sizinali zabodza. Anti a Mapasa anaomba m'manja kamodzi, n'kunena kuti iye wakhala akuzembetsa masokosi pomvera chisoni mwana wa mayi wouma mtima, osadziwa kuti mayiyo wakhala pambali pake akumudyera mtedza.

A mlamu analowa m'kachipinda muja. Anamunyamula Kabawuti n'kumugoneka kumpando wa kumbuyo, mutu uli pamiyendo ya amayi ake. Nasimbi anali atatola epuloni ija osadziwa n'komwe, ataifumbata m'dzanja. Galimoto inakhotera kumanja, inadutsa pholo la magetsi ndi kabenchi ka wosoka nsapato, koma mwanayo anali atatsinzina ndi ululu ndipo sanaone kuti pakona padutsa.

Kuchipatala anamumanga chikhakha. Ali pakhonde kudikira mankhwala, a mlamu anati mwanayo akagona kwawo mpaka mkono upole, poti kwanu kuja bedi ndi limodzi, mungamugonere usiku. Zinali zoona, ndiye Nasimbi akanatsutsa chiyani? Anangoti a mlamu, chonde, musandichite zimenezi. A mlamuwo anamuyang'ana, osati mwaukali, koma ngati munthu wotopa.

"Ine sindinachite kanthu, mlamu. Munamuphunzitsa nokha kukukanani."

Mkono unapola, chikhakha anachotsa, mwana sanabwerere. Nthawi zonse pankakhala chifukwa: mayeso ayandikira, mvula yayamba ndipo denga lanu lija likudontha, ali ndi kachifuwa, mukudziwa za bambo ake. Nasimbi anapita kwa achimwene ake kukapempha kuti akamuyankhulire. Iwo anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo kunena mosabisa kamwanako n'kakwawo komweko, mzungu amakhala ndi azungu anzake. Pomuperekeza anawonjezera kuti akawaona a mlamuwo awakumbutse kuti kunonso kuli ana ofuna sukulu. Pamdadada anthu anati wachita mwayi, pakamwa pamodzi pachepa. Abwana a shopu anamulangiza kuti za kukhoti asayerekeze, sukulu yathunthu ikakaima kumbali inayo iye adzaima ndi ndani? Tsiku lina a mlamu anatumiza jumbo. Munali yunifolomu yakale ija, nsapato zosokedwa, ndi kabokosi ka chakudya, zonse zotsukidwa bwinobwino. Nasimbi anaziika pamwamba pa bokosi la masipanala, ndipo analira mpaka mutu unamupweteka.

Patapita nthawi a mlamu anamuitana. Anati iwo amaweruka mochedwa, ndipo pakufunika munthu woti azikamutenga mwana kusukulu n'kumufikitsa kunyumba kwawo, si patali, amayenda wapansi. M'malo molemba munthu wachilendo, bwanji azichita ndi iye, poti njira za pasukulupo akuzidziwa kale? Pakutha pa mwezi azimupatsa kangachepe. Mtima wa Nasimbi unatentha ngati simbi yoiwalika pamakala, koma anavomera, chifukwa kupanda kutero mwana wake akanamuona liti? Kangachepeko mwezi woyamba anakakana. Mwezi wachiwiri anakalandira, poti kushopu anali atamudula malipiro a masana.

Masiku oyamba ankapita m'diresi. Akayandikira benchi nkhani inkaduka, ndipo pamalo pake pakale ankaikapo zikwama. Makolo ankadikira m'galimoto zawo magalasi otseka. Iye ankangoima yekha pampanda, wopanda gulu. Kenako sukulu inasintha kampani ya alonda, pageti panabwera nkhope zatsopano, ndipo funso lija linabwereranso, ndi kayang'anidwe komwe kaja: kwa mwana, kwa iye, kwa mwananso. Mphamvu zoyambiranso kufotokoza analibe. Madzulo ake analumikiza chingwe cha epuloni chija, chinafupika pang'ono koma chinagwira. Mawa lake geti linatseguka popanda funso.

Njira ya kwa a mlamu inkakhotera kumanzere. Nasimbi ankayenda pambuyo ndi chikwama mpaka pageti lina, lachitsulo lakuda, pomwe ankachipereka kwa wantchito wa m'nyumbamo. Masiku ena ankamupatsa tiyi kukhitchini. Kabawuti anali atanenepa, masaya akuwala, nsapato zatsopano, tsitsi lija osalukanso, akungolimanga ndi kariboni kumbuyo. Chizungu chinali chitamukhala palilime. M'njira sankanena kuti anti, sankanenanso kuti amayi. Ankangoti tiyeni, kapena dikirani, ndipo akafunsidwa za kusukulu ankayankha mawu amodzi. Nasimbi ankadzilimbitsa mtima kuti vuto ndi njirayi. Mwana wanga ndi womvera, ankatero mumtima, akudikira kona, ndipo njira ya kumanzereyi ilibe kona yathu.

Ndiye tsiku lina atatuluka pageti anakhotera kumanja. Kabawuti anaima n'kunena kuti njira si imeneyo. Nasimbi anati akufuna kuonetsa patapata wake kwa wosoka nsapato, sachedwa. Mwanayo anatsogola monyinyirika. Anayenda m'mbali mwa mpanda, mtima wa Nasimbi ukugunda ngati wa mtsikana wokakumana ndi chibwenzi, mpaka anafika papholo paja. Wosoka nsapato anadzutsa mutu, anawazindikira, n'kuweramiranso pansapato imene anali nayo.

Nasimbi anatula chikwama. Anamasula epuloni, anaipinda bwinobwino monga kale, anaiika m'jumbo. Kenako anaima, manja atawatambasula pang'ono, osati kwambiri, kuopa kuchita manyazi.

Kabawuti anakumbukira. Nasimbi anaona pankhope pake kuti wakumbukira zonse, chifukwa makutu ake anafiira monga ankachitira a bambo ake. Mwanayo anayang'ana pholo, anayang'ana pansi, kenako anayang'ana kumsewu komwe galimoto zochokera kusukulu zinkadutsa pang'onopang'ono chifukwa cha maenje.

"Valani," anatero motsitsa mawu. "Anzanga amadutsa pano. Ankandiseka, ndiye ndinawauza kuti zija zinali zabodza, kuti inu ndinu anti basi."

Nasimbi anaganiza zomukalipira, anaganiza zomugwira n'kuthawa naye mpaka kukachipinda kawo, koma akafika kumeneko akamupatsa chiyani? Mwanayo sanalakwe. Ankangochita zimene anaphunzitsidwa, ndipo anali ataziphunzira bwino.

Anatulutsa epuloni m'jumbo n'kuikoleka m'khosi. Anapititsa manja kumbuyo kuti amange, koma chingwe chinali chachifupi, nsonga zikungopulumuka. Anayesa, anayesanso, osatheka. Kabawuti anaona kuti achedwa. Anaika botolo lake la madzi pansi, anazungulira kumbuyo kwa amayi ake, n'kumanga mfundo yolimba, yomwe ija anamuphunzitsa pa zingwe za nsapato. Kenako anatola chikwama, anawapatsira, n'kutsogola kubwerera njira ya kumanzere.